Makina odziyendetsa okha: zomwe mnzathu wophunzira ku India anatiuza Loweruka

Ndamva kuti kumsika kwamveka mbiri yoti ndimapanga maloboti ku India. Ayi ndithu, maloboti a m'mafilimu aja sindinawaonepo. Kosi yanga amaitcha mechatronics, ndipo ndikuphunzira mumzinda wa Pune, komwe kuli mafakitale akuluakulu monga a Tata Motors ndi Bajaj.

Nkhani yake ndi iyi: makina a m'fakitale azigwira ntchito popanda munthu kuima pambali n'kumadina batani tsiku lonse. Pamakhala kachipangizo kotchedwa sensa, komwe kamayeza kutentha, kulemera kapena chinyezi. Iko kamatumiza uthenga ku kakompyuta kolimba kotchedwa PLC, ndiye PLC-yo imalamula mota kuti lamba ayende kapena aime. Ife timaphunzira kulumikiza mawaya, kulemba malamulo a PLC, komanso kufufuza vuto makina akaima.

Kwa ife ana a fodya zimenezi si zachilendo. Bambo akalowa m'chigafa m'mamawa amayamba agwira tsamba, kuti amve ngati lafewa moti silingaphwanyike posankha. Dzanja lawo lija ndi sensa. Koma ambiri a ife timangodziwa ulendo wa belo kuchoka pa jeke kukafika ku okushoni ku Chinkhoma, basi. Kutsogoloko, ku Kanengo, m'mafakitale monga a Limbe Leaf ndi Alliance One, makina amachotsa msempha wapakati pa tsamba, n'kuliumitsanso mpaka chinyezi chifike pomwe wogula akufuna, kenako n'kulidinda m'makatoni. Chinyezi chikachuluka fodya amachita chuku asanafike kunja; chikachepa amangofumbutuka. Matani onse aja palibe dzanja lingawagwire tsamba ndi tsamba. Pamenepo ndi pomwe pali ntchito yathu.

Za kapitidwe. Ine ndinadzera ku sikolashipu ya boma la India, ya bungwe la ICCR, yomwe mumafunsira pa intaneti. Amayang'ana kwambiri masamu ndi Physics, ndiye inu a Fomu 3 amene mukufuna kuthawa Physics, muganize kawiri. Mukafika, muyenera kulembetsa ku ofesi yoona za alendo, ya FRRO, pasanathe masiku 14. Ndipo viza ya wophunzira silola ganyu. Amene akuganiza zoti azikatumiza ndalama ya feteleza kunyumba, aiwale. Kandalama komwe amapereka nkongokwanira chakudya ndi sopo.

M'kalasi amaphunzitsa m'Chingerezi, koma mukalowa muwekishopu amisiri amayankhulana Chihindi kapena Chimarathi, inu kukamwa yasa. Mumaphunzira ndi maso. Za tsabola wa m'ndiwo sindinena, mungaleke kufunsira.

Mchemwali wina wandifunsa panja kuti, kodi makinawa satilanda ntchito? Sindikunamizani, ena amawalanda. Pomwe pankaima anthu khumi onyamula, lamba mmodzi amakwanira. Koma makinawo afika kale, kaya tifune kaya tisafune, ku Kanengo komanso kufakitale ya shuga ya Illovo ku Dwangwa kuno pafupi. Akaima pakati pa sizoni, wina amayenera kutsegula bokosi la magetsi n'kupeza chavuta. Chimene chimandiwawa ine n'choti munthu ameneyo achite kukwera ndege kuchokera kunja, ife tili pompano.

Komanso si zoti mpaka mupite kunja. MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya manufacturing engineering, MUBAS ku Blantyre ili ndi za magetsi ndi makina, ndipo m'makoleji a TEVETA mumatuluka amisiri a magetsi omwe mafakitale amawadalira. Kunja mumangopezako makina ambiri oti muwagwire ndi manja.

Ndabwera ndi laputopu. Amene mukufuna kuona pulogalamu ya PLC ikuyendetsa lamba, mutsale tikatha pemphero, koma tifulumire batire lisanathe.