Zomwe ndinayankhula Loweruka: kadontho komwe kanandidyera mamalikisi



Pa mock ya Fomu 4 panali funso loti tijambule madontho a ammonium ion, NH₄⁺. Ndinaika nitrogen pakati, ma hydrogen anayi mozungulira, kenako ndinatsala ndi kadontho kamodzi kosowa pokhala. Ndinangokapanikiza pambali pa N, ndikuti mwina aphunzitsi sakaona. Anakaona, ndipo anakazunguliza ndi cholembera chofiira. Ndiye inu amene mukulemba MSCE chaka chino, tamverani.

Musanajambule kalikonse, werengani kaye ma electron a mu shell yakunja. Nitrogen ili nawo 5. Hydrogen iliyonse ili ndi imodzi, ndiye anayi aja akupereka 4. Onse pamodzi 9. Apa ndi pomwe ndinagwera. Chizindikiro cha + chikutiuza kuti electron imodzi inachoka, popeza electron ndi negative. Choncho otsala ndi 8, mapeya anayi, ma bond anayi, basi. Kadontho kanga kaja kanali electron yoti inapita kale.

Mukaona plus, chotsani. Mukaona minus, onjezani. Mutu umakana, ndikudziwa, chifukwa kuyambira Sitandade 1 anatiuza kuti plus n'kuphatikiza. Ine ndinachita kulemba pachikuto cha kope.

Akakufunsani dot and cross, kumbukirani kuti pa bond imodzi ma electron onse awiri amachokera kwa nitrogen. Ndi peya ija imangokhala yokha pa ammonia, NH₃, mpaka H⁺ itabwera chimanjamanja kudzaigwira. Imeneyo ndiye dative bond.

Tsopano carbonate, CO₃²⁻, yomwe imaoneka yoopsa. Carbon 4, ma oxygen atatu 18, kuphatikiza 2 a charge, akwana 24. Carbon ikhale pakati. Ma bond atatu adya 6, atsala 18. Patsani oxygen iliyonse 6, ndipo onse atha. Koma musathamangire kusangalala, tayang'anani carbon: yazunguliridwa ndi 6 okha, pomwe ikufuna 8. Simungabweretse ena ongopeka. Tengani peya imodzi pa oxygen imodzi, muisunthire pakati pakhale double bond. Werenganinso: 24 omwe aja.

Wina afunsa kuti oxygen yake iti? Iliyonse. Kunena zoona, mu ion yeniyeni ma bond atatuwo ndi ofanana kutalika, chithunzi chathuchi chimangoyesetsa. Njirayi anaiyambitsa Gilbert Lewis mu 1916.

Nitrate, NO₃⁻, ili ndi 24 yomweyo: 5, 18 ndi 1. Mukadziwa carbonate mwaidziwanso. Ndipotu si zinthu za m'buku mokha ayi. Feteleza wa CAN wobereketsa chimanga uja muli ammonium, muli nitrate, komanso carbonate wochokera ku mwala wa laimu. Ma ion onse atatu m'thumba limodzi.

Mukamaliza, tsekerani chithunzi chonse m'mabulaketi a makona, charge muilembe kunja, pamwamba chakumanja. Mukaiwala zimenezi ndiye kuti mwajambula chinthu china, osati ion.

Loweruka likubwerali aliyense abwere atajambula OH⁻ ndi H₃O⁺ papepala. Nambala ya ma electron muilembe pamwamba musanaike dontho ngakhale limodzi. Amene zawavuta tidzakhale limodzi tikamaliza msonkhano, choko ndibweretsa ine.