MPIRA UMENE SUYENDA MOLUNJIKA

Pa maseŵera onse amene anthu amachita ndi mpira, alipo amodzi amene omvera ambiri sanawaonepo ndi maso, ngakhale kuti akhala akuseŵeredwa kwa zaka zoposa 700. Dzina lake pa Chingerezi ndi bowls. M'maseŵera ameneŵa mulibe kuthamanga, mulibe kukankhana, ndipo phokoso silimveka kaŵirikaŵiri. Munthu wodutsa panjira angaganize kuti akuluakulu ovala zoyera akungotaya nthaŵi pa kapinga. Koma m'kayendedwe ka mpira wa bowls muli phunziro limene lingathandize mlimi, mphunzitsi, mayi wapanyumba ndi mwana wasukulu yemwe.

Maseŵeraŵa anakulira ku Britain. Mumzinda wa Southampton muli bwalo limene mbiri imanena kuti anthu anayamba kuseŵererapo m'chaka cha 1299, ndipo lilipobe. M'chaka cha 1541, pamene Henry VIII anali mfumu ya England, boma linaletsa anthu wamba ndi antchito kuseŵera bowls kupatula pa nyengo ya Khirisimasi, poopa kuti anyamata angasiye kuphunzira kuponya mivi. Lamulolo linachotsedwa mu 1845. Malamulo amene akutsatidwa masiku ano anachokera m'buku limene William Mitchell wa ku Glasgow, ku Scotland, anasindikiza mu 1864. Kuchokera kumeneko maseŵeraŵa anafalikira ku Australia, New Zealand, South Africa ndi maiko ena a Commonwealth. Pa mpikisano wa Commonwealth wa mu 1982 ku Brisbane, pamene amayi analoledwa kupikisana nawo pa bowls kwa nthaŵi yoyamba, amayi atatu a ku Zimbabwe ndiwo anatenga mendulo ya golide.

Kaseŵeredwe kake nkosavuta kufotokoza. Bwalo ndi la kapinga wometedwa bwino, losalala ngati tebulo, lotalika mamita 31 mpaka 40, ndipo m'mphepete mwake monse muli kangalande. Woseŵera woyamba amagubuduza kampira kakang'ono koyera kotchedwa jack, kamene kayenera kukaima pa mtunda wosachepera mamita 23. Kenaka oseŵerawo amasinthana kugubuduza mipira yawo, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Akakhala anthu aŵiri okha, aliyense amakhala ndi mipira inayi. Yonse ikatha, amene mpira wake waima pafupi kwambiri ndi kampira koyera kaja ndiye amalandira pointi, ndipo amalandiranso pointi pa mpira wake uliwonse umene uli pafupi kuposa mpira wabwino koposa wa mnzakeyo. Kenaka amatembenuka ndi kuseŵera cholinga kumene anachokera. Kaŵirikaŵiri woyamba kufika pa mapointi 21 ndiye wapambana.

Chinsinsi cha maseŵeraŵa chili mu mpira wenimweniwo. Mpira wa bowls suli wobulungira mofanana mbali zonse. Amisiri amausema mwadala kuti mbali imodzi ikhale yosiyana pang'ono ndi inzake, kotero kuti ukamagubuduka umapendekera mbali imodziyo, nuyenda mokhota ngati uta. Kale mipirayi inkasemedwa ndi mtengo wolemera kwambiri wotchedwa lignum vitae. Lero imaumbidwa ndi pulasitiki yolimba, koma kupendekako sikunachoke. Ndipotu malamulo salola mpira wowongoka mopitirira muyeso. Mipira imayesedwa poiyerekeza ndi mpira wina wosungidwa monga muyeso, ndipo umene ukukhota mochepera pamenepo amaukana.

Motero munthu amene walunjikitsa mpira wake pa kampira koyera wataya kale. Mpirawo udzayamba bwino, koma pofika kumapeto udzapatuka, nukaima kutali. Woseŵera wodziŵa amayang'ana pambali, naponya mpira wake ngati akuutaya, podziŵa kuti kupendeka kwake kudzaubweza pamalo pamene iye akufuna.

Munthu aliyense ali ngati mpira umenewu. Palibe anabadwa wobulungira mofanana mbali zonse. Wina mtima wake umapendekera ku mkwiyo, wina ku mantha, wina ku moŵa, wina kumwaza ndalama, wina kuumira, wina kulankhula asanaganize. Ambiri amawonongeka, osati chifukwa chakuti ali nako kupendekako, koma chifukwa chakuti amakana kuti ali nako. Munthu wotere chaka ndi chaka amalumbira kuti ulendo uno ayenda molunjika, ndipo chaka ndi chaka amakapezeka pamalo pomwe paja, banja likulira ndi njala. Wanzeru amachita monga woseŵera wa bowls. Mlimi amene adziŵa kuti ndalama zikakhala m'thumba mwake sizigona, akagulitsa mbewu zake amayamba wapereka ya feteleza ndi ya sukulu m'manja mwa mkazi wake kapena kubanki, asanadutse pamsika. Bambo amene adziŵa kuti mtima wake ndi wapachala saweruza mlandu wa mwana usiku womwewo. Amadikira kuti kuche. Anthu otereŵa sanasinthe chibadwa chawo, koma anachidziŵa, naponya moyo wawo mochiŵerengera.

Pofuna kuthandiza woseŵera, amisiri amaika zizindikiro pa mpira: kachizindikiro kakang'ono kumbali imene mpirawo umapendekera, ndi chachikulu kumbali inayo. Woseŵera aliyense amayang'ana m'dzanja lake asanaponye. Amene waiŵala, nagwira mpira motembenuza, amauona ukukhotera kwina mpaka kuloŵerera maseŵera a anthu ena pambali, ndipo bwalo lonse limaseka. Ngakhale akatswiri zimawachitikira. Mphindi imodzi yodziyang'ana asanachite kanthu imapulumutsa munthu ku manyazi aakulu.

Palinso china chimene woseŵera amaphunzira msanga. Mpira ukadali ndi liŵiro umaoneka ngati wowongoka. Umakhota kwambiri pamene mphamvu yake ikutha. Momwemonso khalidwe lenileni la munthu silioneka pa tsiku la ukwati kapena pa tsiku lolandira malipiro. Limaoneka pamene watopa, pamene ngongole zamupanikiza, pamene matenda aloŵa m'nyumba. Wofuna kudzidziŵa adzifunse kuti amatani mphamvu zikamuthera, pakuti pamenepo ndi pamene kupendeka kwake kumaonekera poyera.

Koma kupendeka sikuli chilema chokha ayi. Kutsogolo kwa kampira koyera kukadzaza mipira ya mdani, mpira wowongoka sukadapeza podzera. Mpira wokhota umalambalala yonseyo, nukaima kumbuyo kwake mwakachetechete. Chimodzimodzi, liuma limene limavutitsa mwana kwa makolo ake lingamuthandize kupirira sukulu pamene anzake akuithaŵa. Mantha amene amachedwetsa munthu angamuchititse kukhala msungichuma wosamala. Chofunika ndi kudziŵa mbali imene munthu wapendekera ndi ntchito imene kupendekako kungagwire.

Mwa anthu amene anadziŵa bwino zimenezi, wotchuka koposa ndi David Bryant, amene anabadwa mu 1931 m'tauni ya Clevedon ku England, mwana wa bambo amenenso anali katswiri wa bowls. Bryant anapambana mpikisano wa Commonwealth wa munthu mmodzimmodzi kanayi: ku Perth mu 1962, ku Edinburgh mu 1970, ku Christchurch mu 1974 ndi ku Edmonton mu 1978. Anakhalanso katswiri wa dziko lonse katatu pa mabwalo apanja, mu 1966, mu 1980 ndi mu 1988, ndipo ulendo wachitatuwo anali ndi zaka 56. Anamwalira mu 2020. Anthu amamukumbukira ali ndi kaliwo wake pakamwa, atanjuta pansi asanaponye, akuyang'anitsitsa njira ya mpira mosafulumira. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo iye anali munthu wodekha chotero.

Zaka 26 zinapita pakati pa kupambana kwake kwa ku Perth ndi kwa mu 1988, ndipo mabwalo amene anapambanirapo anali osiyana kwambiri. Kapinga wa ku Britain, dziko lachinyontho, amagwira mpira, kotero umayenda mochedwa ndi kukhota pang'ono. Mabwalo ouma a ku Australia ndi New Zealand amautereretsa, ndipo umakhota kwambiri. Ngakhale bwalo limodzi lomwelo limasintha pakati pa m'maŵa, mame akadalipo, ndi masana dzuŵa litawomba. Nchifukwa chake pa mpikisano oseŵera amaloledwa kuyesa bwalo asanayambe kuŵerenga mapointi. Katswiri sakalipira bwalo, amaliphunzira. Munthu amene wasamukira ku ntchito yatsopano, kapena kumudzi kwa apongozi, naumirira kuchita zonse monga ankachitira kwawo, ali ngati woseŵera amene akuponya masana ndi mphamvu ya m'maŵa.

Nthaŵi zina woseŵera amaona kuti mipira ya mdani yazinga kampira koyera ndipo njira yofatsa palibe. Pamenepo amaponya mpira wake ndi mphamvu zonse, kuti uwongoke ndi kukamwaza mipira inayo. Ukagunda, zinthu zimasintha m'kuphethira kwa diso. Ukaphonya, umakagwera m'ngalande muja, ndipo ntchito yake yatha. Akatswiri amasunga kaponyedwe kameneka kuti kagwire ntchito pamene njira zina zatsekeka. Pamoyo ilipo nthaŵi yolankhula mwamphamvu, koma bambo amene amakalipa pa kanthu kalikonse, kapena kapitawo amene amaopseza antchito tsiku ndi tsiku, mawu ake amathera m'ngalande. Tsiku limene kukalipa kukufunikadi, palibe amene amamumvera.

Kampira koyera nakonso sikakhazikika. Munthu angaike mipira itatu mokazinga bwino, koma mpira wotsiriza wa mnzake nukankhira kampirako kumbuyo, ndipo mapointi atatu aja nkusanduka a mnzakeyo. Chifukwa cha ichi woseŵera wochenjera saunjika mipira yake yonse pamalo amodzi. Umodzi amauika kumbuyo dala, ngakhale ukuoneka ngati wotayika, kudikira tsiku la tsoka. Chilala, kutha kwa ntchito ndi imfa ya wothandiza zimasuntha zimene munthu anali kulinga. Amene anadzala chinangwa pambali pa chimanga, kapena kuphunzira luso lamanja pambali pa ntchito yolembedwa, ali ndi mpira wake kumbuyo.

Maseŵeraŵa amaseŵeredwanso ndi anthu osaona. Pakati pa njira yawo amamangapo kachingwe kowathandiza kudziŵa kumene alunjika, ndipo mthandizi amawauza mtunda ndi mbali imene mpira waima. Iwo amaponya modalira mawu a mnzawoyo. Kunena zoona, pa nkhani ya khalidwe lake munthu aliyense saona bwino. Zolakwa za mnansi amaziona msanga, koma zake amauzidwa ndi ena. Wodala ndi iye amene ali ndi mkazi, mwamuna, mbale kapena bwenzi lomuuza mosabisa kuti mpira wake wapatukira kuti, ndipo iye namva osapsa mtima.

Pamapeto pa maseŵera oseŵera amagwirana chanza, aliyense napukuta mipira yake ndi kuiika m'chikwama. Mipirayo idzakhalabe yopendeka maŵa monga inaliri lero, ndipo palibe woseŵera amene amadandaula nazo. Ntchito yake ndi kuidziŵa. Womvera aliyense, asanagone usiku uno, angachite bwino kudzifunsa mbali imene mtima wake umapendekera, ndi kumene ayenera kuyang'ana maŵa kuti akafike pamene akufuna.