CHIDULE CHA KHUTBA YA JUMU'AH: MUSAMUPATSE WAKUBA KIYI WA NYUMBA YANU

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikukulangizani pamodzi ndi ine mwini kuti timuope Allah. Lero tikambe za umbava umene ukulowera pa foni.

Kachizindikiro ka timadontho takuda kotchedwa QR code kanapangidwa ku Japan m'chaka cha 1994 ndi kampani ya Denso Wave. M'chaka cha 2015, WhatsApp inayamba kukagwiritsa ntchito polola munthu kutsegula macheza ake pa kompyuta. Munthu akalowa pa Linked devices n'kujambula kachizindikiroka, kompyutayo imayamba kuwerenga ndi kutumiza mauthenga m'dzina lake. Discord ndi Telegram nazonso zili ndi njira yotereyi.

Apa ndi pamene wakuba akutchera msampha. Amatsegula tsambalo pa kompyuta yake, n'kukuonetsani kachizindikiroka monamizira kuti ndi kolowera m'gulu, kofunsira ntchito kapena kolandirira thandizo. Mukajambula, mwamutsegulira khomo. Ena amakutumizirani zilembo ndi manambala 8 kuti mulembe pamalo omwewo. Ena amabwereka foni kwa mphindi imodzi yokha.

Foni yanu imagwirabe ntchito ngati kale, choncho simuzindikira kanthu. Koma iye akulembera mayi anu, kapena m'bale wanu amene ali ku Joni, kuti mwadwala mwakayakaya, atumize ndalama msanga pa Airtel Money kapena Mpamba. Thukuta la msodzi amene wachezera usiku wonse pa nyanja limathera m'thumba la munthu wosamudziwa.

Asilamu anzanga, zinsinsi za anthu amene amatilembera ndi amanah m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa za izo. Choncho sungani izi:

Choyamba, musajambule kachizindikiro kamene mwapatsidwa ndi munthu wina pa Linked devices. Malowo ndi olumikizira zipangizo zanu zokha.

Chachiwiri, mukatuluka mu mzikiti muno tsegulani Linked devices. Mukapeza chipangizo chachilendo, chichotseni podina Log out, ndipo adziwitseni abale anu mwachangu.

Chachitatu, uthenga wopempha ndalama ukabwera, muimbireni mwini wake mumve mawu ake. Surat Al-Hujurat, ndime 6, ikutiphunzitsa kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu.

Chachinayi, amene waberedwa asachite manyazi. Akadziwitse apolisi ndi kampani ya foni. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lolanga milandu ya pa intaneti.

Achinyamata odziwa mafoni, athandizeni makolo anu. Ndipo iwe amene ukudya ndalama zoterezi, dziwa kuti ndi haramu. Lapa, ndipo ubweze chuma kwa eni ake, pakuti tauba pa chuma cha munthu siikwanira popanda kubweza.

Allah atiteteze ku chinyengo ndipo atipatse rizq la halali. Ameen.