Khoswe wa m'lesitilanti ndi mlandu wa tonsefe

 Nkhani yanga ndi ya makoswe, mphemvu ndi ntchentche, komanso ya munthu amene ambiri mwa inu mukamuona akubwera ndi kabuku m'manja mumayamba kubisa mapoto.

Aliyense woyenda mu msewu wa Blantyre kupita ku Zomba amadziwa kuti pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi pali chipisi, kanyenya ndi nsima ya chiimilire. Malondawa akulera ana ndi kulipira sukulu. Koma mbale imodzi yosatsuka bwino ikhoza kudwalitsa anthu a midzi khumi, poti wodya pa Mbulumbuzi masana akagona ku Limbe, wina ku Namitambo.

Sitikunena zongopeka.  Ndikunena za kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022. Anafika m'maboma onse, anadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa kaamba ka mliriwu. Tisanapukute misozi, mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anakokolola mudzi wa Ntauchira kuno kwathu, nagwetsa zimbudzi zosawerengeka.

Kolera alibe mapiko, abale anga. Amachoka m'chimbudzi cha wodwala nalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'manja osasamba ndi m'miyendo ya ntchentche. Taifodi amayendanso njira yomweyo. Mphemvu imaswera m'ming'alu, usiku n'kumayenda pa mbale zimene munatsuka madzulo. Khoswe amakodzera ufa ndi mabotolo, ndipo utitiri wake ndi umene unabweretsa mliri wa makoswe ku Nsanje mu 1997.

Ndiye wa zaumoyo akafika amafuna chiyani? Amaona chiphaso cha khonsolo ndi makalata osonyeza kuti ophika anayezedwa kuchipatala. Amafunsa kumene mumatunga madzi, ngati ndi pa mjigo kapena pa chitsime chosatetezedwa, ndiponso ngati mumathiramo kolorini. Amasuzumira m'chimbudzi kuona chivindikiro, ndi posamba m'manja pamene pali sopo. Beseni limodzi losambamo makasitomala onse salifuna, madzi azithiridwa. Amayang'ana thandala, dzenje la zinyalala, ndi matumba a ufa ngati ali pamwamba osati pansi. Ndiwo zogona amazinunkhiza. Mphamvu zimenezi sanadzipatse yekha: zili m'lamulo la zaumoyo la 1948, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira misika ndi malo odyera. Alangizi a zaumoyo amene mumawaona m'midzimu ntchito yawo inakula chifukwa cha kolera yemweyu, atafika m'dziko muno mu 1973.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa kwambiri. Ambiri makoswe akakusowetsani mtendere mumathamangira kumsika kukagula tameki wa m'timapepala topanda dzina, n'kumusakaniza ndi nsima kapena usipa, n'kuika pansi pa shelefu ya m'khichini. Tameki ndi mankhwala a m'munda oopsa zedi, ndipo kambewu kochepa kamatha kupha mwana. Inu amene munakhala ku Joni mukudziwa zimene zinachitika ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024. Ana asanu ndi mmodzi anamwalira, ndipo atayeza anapeza terbufos, mankhwala a m'munda amene anthu ankaphera makoswe. Mwezi wotsatira Pulezidenti Ramaphosa analamula kuti timashopu tonse ta m'makomboni tilembetsedwe. Ambiri amene anavutika ndi mkwiyo wa anthu anali alendo ochita malonda m'dzikomo. Kuno tili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 ndi bungwe la Pesticides Control Board, koma bungwe silingagone m'khichini mwanu.

Khoswe amatsata chakudya, madzi ndi pobisala. Mulandeni zitatuzi. Matani mabowo ndi simenti, sungani ufa ndi mpunga m'zidebe zovindikira, tayani makombo dzuwa lisanalowe, lambulani tchire la kuseri, tcherani misampha. Ngati mankhwala afunikadi, akhale ogulidwa m'sitolo yovomerezeka, okhala ndi dzina ndi malangizo, ndipo asaikidwe m'botolo la Fanta kapena pafupi ndi mchere.

Kwa a zaumoyo nanunso ndili ndi mawu. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mukatseka kachiimilire ka mayi wamasiye n'kulambalala lesitilanti yauve ya bwana kapena ya mlamu wanu, anthu adzati lamulo ndi la osauka okha. Mukalandira mbale ya nkhuku kapena ya fanta kuti mutsinzine, mwagulitsa moyo wa mwana wa mnzanu. Bwerani nthawi zonse, osadikira kuti chipatala cha pa boma kapena cha Nguludi chidzaze. Lembani zimene mwapeza, musiyireni mwini malo pepala lake, mumupatse masiku okonza, kenaka mubwerenso.

Chiyambire 1994 takhala tikumva ena akuti, "Musandiuze zochita, ino ndi demokalase." Zoona, ufulu wochita malonda tinauvotera. Koma wogula nayenso ali ndi ufulu wofunsa kumene kuli chimbudzi, wobweza mbale imene yagwera ntchentche, ndi wokadandaula ku khonsolo popanda mantha.

Pempho langa ndi lakuti msika uliwonse usankhe komiti ya ukhondo, ikhale ndi tsiku limodzi pa sabata losesa ndi kutchera misampha onse pamodzi. Mukathamangitsa khoswe nokha amangosamukira kwa mnzanu, mawa abweranso. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.