Ana athu aone Karonga ndi Mua ali konkuno ku Indiana



Ambirife tinapitako ndi ana ku Children's Museum ku Indianapolis kukaona mafupa a madainoso. Koma ndi ana angati mwa athuwa amene akudziwa kuti ku Karonga, m'nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, kuli Malawisaurus, dainoso wotchulidwa dzina la dziko lathu? Mwana wobadwira kuno amadziwa galimoto za Studebaker kuposa zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006.

Ndege ndi yodula, tonse tikudziwa. Pempho langa ndi loti tiyambe maulendo ophatikiza: gulu lina lili m'nyumbamo kumudzi, gulu lina lili pa sikilini kuno, onse akuyendera limodzi. Zofunika si zambiri: foni ya kamera yabwino, kamaikolofoni ka wotsogolera ulendo, Zoom kapena WhatsApp, ndiponso munthu mmodzi woti aziyankhulira ali kutaliwo. Munthu ameneyu ndiye mutu wa nkhani. Mwana wa ku South Bend akati "imani pamenepo, sendezani pafupi", kamera iime. Kupanda apo, ana athu angokhala oonerera filimu.

Pali zitatu zoti tikonzeretu. Choyamba ndi nthawi. M'chilimwe cha kuno Malawi ali patsogolo ndi maola 6, m'nyengo yozizira maola 7. Ikamakwana 9 koloko m'mawa kuno mu Julaye, kumudzi ndi 3 koloko masana, ndiye kulawirira kuli kwa ife. Chachiwiri ndi ndalama. Bandulo ya intaneti, batire losungira moto magetsi akazima, ndi ndalama yolowera pakhomo tilipire ndife, tisasenzetse abale athu. Chachitatu ndi chilolezo. Ku Chamare Museum ku Mua kuli zigoba za Gule Wamkulu. Eni malo ndiwo anene zoti zijambulidwe ndi zoti zisajambulidwe, ndipo ife timvere.

Ulendowu ukhalenso wobwereza. Ana a sukulu ku Karonga atha kuyenda nafe ku Indianapolis pa foni yomweyo, n'kufunsa anzawo mafunso.

Chenjezo limodzi: kuona chinthu pa sikilini si kuchilandira. Chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chikusungidwabe ku London, ngakhale a Zambia akhala akupempha kuti chibwerere. Wina asadzatiuze kuti poti kuli intaneti, nkhani yobweza katundu wa makolo yatha.

Tisanabalalike lero, ndikupempha anthu atatu: wolembera kalata ku Karonga ndi ku Mua, wosonkhetsa ndalama, ndi wosonkhanitsa ana.