Mwana Wonenepa ndi Nchito ya Mphunzitsi



Mphunzitsi wa kumudzi akamva kuti nkhani ya lero ndiyo kunenepa kwa ana, angathe kuseka ndi kuganiza kuti ameneo ndi mavuto a anthu okhuta, pakuti ana ace ambiri amafika m'kalasi m'mimba mulibe kanthu. Kuseka kwaceko kuli ndi cifukwa. Kafukufuku wa za umoyo amene anacitika m'Zambia muno m'caka ca 2018 anapeza kuti pa ana 100 osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira, ndipo 5 okha ndiwo anali onenepa kopyola muyeso. Komatu bungwe la World Health Organization linena kuti pa dziko lonse, mwa ana 100 a zaka 5 kufikira 19, onenepa cotere anali 8 m'caka ca 1990, koma pofika 2022 anali 20. Vuto lokula msanga motero liyenera kudziwika lisanafike pakhomo.

Wofuna kuona ciyambi cace aime pa cipata ca sukulu ku Kaunda Square, kum'mawa kwa Lusaka, pa nthawi yopuma. Makolo ambiri a m'komboni amalawirira ku nchito kapena ku msika, ndipo m'malo mwa phala amasiyira mwana kandalama m'manja. Kandalamako kamathera pa vitumbuwa, maswiti, tizipaketi ta zokazinga zamcere ndi madzi otsekemera oumitsidwa m'timapulasitiki. Zonsezi nzochipa, nzokoma, ndipo sizikhalitsa m'mimba. Malo osewerera m'komboni ngocepa, ndipo ciyambire maphunziro aulere m'caka ca 2022, makalasi adzaza kwambiri, kotero kuti nthawi ya masewera ndiyo imayamba kudyedwa ndi maphunziro ena. Katundu yemweyo wa pa cipata akwera kale magalimoto a mu Great East Road, ndipo apezeka m'tuntemba ta ku Nyimba, Petauke ndi Katete.

Cobvuta koposa ndico cakuti kwa anthu a kuno kunenepa ndi ulemu. Mlendo akaona mwana wa masaya odzaza amayamika mai wace kuti adziwa kulera. Mkazi akanenepa pa ukwati, abale amati mwamuna amsunga bwino. Maganizo amenewa si opusa ai. Anabadwa m'zaka za njala, pamene mwana woonda anali pafupi ndi manda. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene Edzi inalowa m'mabanja, kuonda kunasanduka cinthu coopsa ndi cocititsa manyazi, cimene anansi anali kunong'onezana. Agogo amene anaika ana ao m'manda ataonda ngati nkhuni sangakondwe kumva mphunzitsi wacinyamata akunena kuti mdzukulu wao wanenepetsa. Cotero mphunzitsi ayenera kulankhula nao modzicepetsa, ndipo asayambe ndi thupi la mwanayo. Ayambe ndi matenda amene iwo awadziwa kale m'nyumba mwao, ndiwo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene amakonda kugwira munthu wonenepa akakula.

Ndiponso kunenepa sikutanthauza kuti mwana wadya bwino. Thupi lingathe kukundika mafuta ocokera ku shuga ndi zokazinga, pamene lili kusowa zomanga thupi ndi zoonjezera magazi zimene zipezeka mu nyemba, mtedza, kapenta, mazira ndi ndiwo zamasamba. Mwana wopinimbira ali wamng'ono angathe kudzanenepa ali mu Giredi 6, ndipo wotereyo ndiye ali pa ngozi yaikulu. Pali cinanso cosokoneza makolo: kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A, ndipo ena amaganiza kuti shuga ndi mankhwala. Vitaminiyo ngwabwino ndithu, koma apezekanso mu mango, mapapaya, maungu ndi mbatata yofiira m'kati.

Phunziro limene ana saliiwala msanga lingaphunzitsidwe m'nthawi ya masamu. Mphunzitsi abwere ndi botolo lopanda kanthu la cakumwa cotsekemera, shuga pang'ono, supuni yaing'ono ndi kapu yoonekera m'kati. Ana awerenge okha pa cikalata ca pa botolo. Ngati palembedwa kuti muli magalamu 10 a shuga pa mamililita 100, ndipo botolo ndi la mamililita 500, apeze kuti shuga yense ndi magalamu 50. Supuni yaing'ono imanyamula pafupifupi magalamu 4. Tsono mwana mmodzi athire masupuni 12 ndi theka m'kapu, anzace akuwerenga mokweza. Pamenepo mphunzitsi awauze kuti monga mwa malangizo a World Health Organization a 2015, muyeso umenewu ndiwo malire a munthu wamkulu pa tsiku lathunthu, ndipo kucepetsa kufika pa masupuni 6 ndiko kwabwino koposa. Ana amakakamba za kapu imeneyi kunyumba popanda wowatuma.

Koma pali cenjezo. Mwana wonenepa asaimikidwe patsogolo pa kalasi monga citsanzo, ndipo maina onyoza aletsedwe mwamphamvu. Mwana wosekedwa amathawa mpira, nakhala pansi, nanenepa koposa. Mtsikana wina amayamba kudzimana cakudya mobisa. Ngati ana ayesedwa pa sikelo, ayesedwe onse, mmodzimmodzi, ndipo cotulukapo cidziwike kwa mphunzitsi, kholo ndi namwino wa ku cipatala okha.

Ofufuza m'maiko ambiri aona kuti mau okha a m'kalasi asintha thupi la mwana pang'ono cabe, ngati bwalo ndi cipata zikhala monga kale. Lamulo la boma la 2006 la umoyo ndi kadyedwe m'masukulu lipatsa aphunzitsi poyambira. Mwana afunika kuthamanga kapena kusewera mwamphamvu mphindi 60 tsiku liri lonse, ndipo cingwe codumpha ndi mpira wa mapepala sizifuna ndalama. Sukulu ya kumudzi ili ndi mwai umene Kaunda Square isirira, ndiwo bwalo lalikulu ndi malo a dimba.

Otsala ndi amai ogulitsa pa cipata. Kuwathamangitsa nkosathandiza, pakuti ambiri a iwo ndi makolo a ana omwewo, ndipo ndalama ya vitumbuwa ndiyo imagula yunifolomu ndi makope. Mphunzitsi wamkulu awaitane ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, apangane kuti pambali pa beseni la vitumbuwa pakhalenso mtedza wokazinga, cinangwa ndi mbatata zophika, nthoci, cimanga cooca, ndi masuku pa nyengo yace, pa mtengo wolingana ndi kandalama kamene mwana wafumbata.