Tinamujambula, koma sitinamufunse: zomwe tinalankhula kwa Kanduku



Lero sitiloza chala abambo ayi, tidziloza tokha. Miyezi ingapo yapitayo tinachita msonkhano pabwalo, kuyambira 11 koloko mpaka 2 koloko masana. Kunabwera mnzathu wina wachialubino. Tinamuombera m'manja, tinamujambula, madzulo chithunzi chili pa Facebook. Ulendo wotsatira sanabwerenso. Titamufunsa anati khungu linapsa ndi dzuwa, ndipo pepala lomwe tinagawa sanathe kuliwerenga, zilembo zinali zing'onozing'ono. Ife tinkadzitama kuti tamulandira, pomwe sitinamufunse n'komwe kuti msonkhano ukhale pati, nthawi yanji.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino opitirira 134,000 m'dziko muno. Kuyambira 2014 akhala akubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, mtundu, chilankhulo kapena ulumali. Mu 2021 anthu a kumpoto chakummawa kwa Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe, omwe adatsogolerapo bungwe la APAM, kukhala phungu woyamba wachialubino. Mpando wa ku Nyumba ya Malamulo udapezeka. Nanga wa mu komiti yathu ukuvuta pati?

Timaikonda 40 ndi 60 ija ya lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, timaiimba paliponse. Koma tayang'anani komiti yathu. Wapampando, mlembi, msungichuma, tonse ndife omwewo: tinapita ku koleji, timalankhula Chingerezi, timadziwana pa WhatsApp. Ena timangowakumbuka tsiku la 13 June, lokumbukira anthu achialubino, chifukwa abwenzi otithandiza amafuna zithunzi. Inde, tinene chilungamo, tazichitapo.

Ndiye tagwirizana chonchi. Misonkhano yathu izichitikira m'nyumba kapena pamthunzi, ndipo izitha dzuwa likadali m'mwamba, chifukwa mnzathuyo sangayende yekha mdima utagwa, chifukwa chake mukuchidziwa. Mapepala azilembedwa m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, ndipo wovutika kuona azikhala kutsogolo. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa alowe mu bajeti, monga momwe timaikiramo thiransipoti ndi fanta. Khansa ya pakhungu imapha anzathuwa mwakachetechete. Mayina aja oti napweri, mzungu, kapena kumuseka munthu kuti "ndalama ikudutsa", tikamva pagulu pano tidzudzulana pomwepo, angakhale wanenayo ndi mayi wamkulu.

Chithunzi cha munthu sitiikanso pa intaneti tisanamupemphe, chifukwa kwa iye ndi nkhani ya chitetezo.

Mwezi wamawa tikusankha komiti yatsopano. Mnzathu uja tapita kwawo, tapepesa, ndipo wati aganizire kaye. Akavomera kuima, asapatsidwe mpando wongokongoletsa ayi, ukhale wokhala ndi voti ndiponso siginecha kubanki. Amene mukudziwa ena m'midzi mwanu, kacheze nawoni sabata ino, mayina afike kwa mlembi pofika Lachisanu.